Akuti Zawalemera

Njinga ija itafika pa sukulu ya kwa Mdzinga, anthu anasiya makasu kudzaiona. Nkhondo ya Jeremani inali itangotha kumene, ndipo m'mapiri a Dowa njinga zinali zowerengeka. Iyi inali ya mzungu wa ku mishoni. Elifala, mphunzitsi wa pasukulupo, anachita kuibwereka kuti apite kwawo ku Kasakula, kuseri kwa phiri la Ntchisi, kukaitana atsibweni ake, a Enoki, kuti adzamuimire ngati ankhoswe. Ankafuna kukwatira Rakele, ndipo nthawi inali itamuthera.

Amene anaika malire anali a Mose, atsibweni ake a Rakeleyo. Musawaganizire nkhanza ayi, a Mose ankaseka ndi aliyense. Koma anapita kunkhondo kukasenza katundu wa azungu pamodzi ndi abale awo, n'kubwerako okha, ndipo mliri wa chimfine umene unabwera nkhondo itatha unadzamaliza amuna otsala pamudzi. Mbumba yonse inkayang'ana iwo. Ankafuna mkamwini wodzamanga nyumba pamudzi n'kugwira khasu, osati mphunzitsi woti mawa amishoni amusamutsa n'kuwatengera mwana kutali.

"Ine sindikukanani, aphunzitsi," anatero a Mose tsiku lina, akuseka ndithu. "Koma mwezi uwu ukafa ankhoswe anu asanaponde pano, ndilandira a wina. Alipo amene akudikira."

Wodikirayo ankadziwika ndi mudzi wonse. Anali Yeremiya, mnyamata wobwerako ku ntchito ku Halale, wa chipewa chopendeka ndi mano oyera.

*

Dzulo lake la ulendo, dzuwa litapendeka, Rakele anakwera mtunda wa kusukulu atasenza phukusi pamutu. Kumutu kwakeko anali atamanga mpango wofiira umene Elifala anamupatsa ngati chikole.

"Odi kuno, aphunzitsi!"

Elifala anali kupukuta njinga ndi kansanza. Atadzutsa mutu anaseka. "Rakele! Katundu yenseyu akupita kuti? Ukusamuka?"

"Sekani. Mukaseka pano, kuphiri mukalira ndi njala."

Anatula phukusilo pakhonde. Linali lokulungidwa m'nsalu yake yabiriwita, lomangidwa mfundo zolimba. Elifala analinyamula ndi dzanja limodzi, kenaka anawonjezera linzake.

"Muli miyala kodi?"

"Muli kamba. Mbatata zootcha, chigumu, mtedza, ndi zina."

"Zina ziti?"

Anayamba kukanda mfundo ndi chala, koma Rakele anamugwira dzanja msanga. Aka kanali koyamba kuti amugwire chotero, masana, pamalo oti aliyense akanatha kuona. Anachita manyazi n'kubweza dzanja lake.

"Musamasule pano," anatero motsitsa mawu. "Mukamasulire pamwamba pa phiri la Ntchisi, muli nokha, popanda maso a munthu. Mwamva?"

"Ndamva, amayi."

"Musandiseke. Ine mtima suli m'malo. Atsibweni dzulo amayang'ana mwezi n'kumandiuza kuti wayamba kudyeka. Amayi nawo angoti duu, sakunena kanthu. Mukachedwa, ine ndidzakana ndi pakamwa pokha, koma ndani adzandimvera?"

"Sindichedwa. Wapansi ulendowu ndi wautali, koma panjinga ndi masewera. Mawa m'mawa Yeremiya abwera kudzandikungira tcheni, ndiye ndinyamuka."

Rakele anamuyang'ana ngati sanamve bwino. "Yeremiya? Munthu amene akufuna malo anu ndi amene akukonzereni njinga?"

"Nanga ndani wina amaidziwa njinga kuno? Anazipalasa ku Halale. Ndiponso anadzipereka yekha."

"Anadzipereka yekha," anabwereza Rakele. "Aphunzitsi, inu mumaganiza kuti aliyense wokusekererani ndi mbale wanu."

"Nsanje ya chiyani, poti iwe unasankha kale?"

Rakele anakonza mpango wake, n'kutsika mtunda. Ali chapatali anatembenuka n'kufuula kuti, "Pamwamba pa phiri, osati panjira!"

*

M'mawa mwake kunali chisanu choluma zala. Elifala anatulutsa katundu wake yense n'kuyamba kumanga pa keliyala ndi luzi: bulangete, mkeka, Baibulo lake lalikulu, nyali, kampoto, ambulera, jekete la Lamulungu, nsapato, ndipo pamwamba pa zonse phukusi la Rakele. Atangoisiya, njinga inadzuka kutsogolo n'kugwera cham'mbali, belu n'kulira lokha.

Yeremiya anafika nthawi yomweyo. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achimwene, mukupita ku Kasakula kapena mukusamukira ku Joni?"

"Zonsezi n'zofunika," anatero Elifala, akudzutsa njinga.

"Mverani ine. Pachigwa njinga imanyamula munthu, koma kuphiri munthu ndiye amanyamula njinga. Uko mukupitako kuli mitunda yoti mukankha mpaka thukuta kulowa m'maso. Kuli mitsinje yoti muisenza paphewa. Potsika, katundu akachuluka kumbuyo mabuleki sagwira, mukadzuka muli m'phompho. Chilichonse chimene mwamanga apachi mudzachitukwana dzuwa lisanafike pamutu."

Zonse zimene ananena Yeremiya zinali zoona, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima ine. Munthu akafuna kukugwetsa sayamba ndi bodza.

Elifala anamasula zonse n'kuziyala pansi. Yeremiya ankanyamula chimodzichimodzi n'kumafunsa.

"Mkeka?"

"Wogonapo."

"M'midzi mulibe mphasa? Siyani. Nyali?"

"Kukada."

"Kukada mugone. Kampoto aka mukaphikira ndani? Mlendo saphika. Ambulera mwezi uno, mvula yake iti? Baibulo ili likulemera ngati mwana wa mbuzi, tengani kabuku ka nyimbo, Mulungu amva ndithu."

Elifala anaseka n'kuvomera. Pampu, sipanala ndi zigamba za tayala anazimanga pansi pa chishalo, poti zimenezo Yeremiya anati munthu sasiya ngakhale atafa. Bulangete linatsala chifukwa cha chisanu cha ku Ntchisi. Yeremiya atagwira jekete ndi nsapato, Elifala anazilanda.

"Izi ayi. Ndikaonekere bwanji kwa atsibweni? Adziwe kuti mphwawo ndi mphunzitsi."

"Chabwino, ulemu sulemera," anatero Yeremiya. Kenaka anatola phukusi labiriwita lija. Analiyesa m'manja, n'kulifinya apa ndi apo. Zala zake zinaima pangodya ina, zinafinyanso pomwepo, ndipo nkhope yake inasintha pang'ono. Elifala sanaone, anali kupinda bulangete.

"Ili ndiye lolemera kuposa zonse, achimwene."

"Ndi kamba. Wandikonzera Rakele."

"Mbatata? Ha! Mukasenze mbatata kupita nazo ku Ntchisi, kumene mbatata amadyetsa nkhumba? Mphunzitsi ali panjinga, mudzi uti umene ungamumane chakudya? Koma zili kwa inu. Mukachedwa ndi katundu, mwezi sudikira munthu."

Mawu a mwezi aja ndi amene anamulasa Elifala. Anayesa kumanga phukusilo pamwamba pa bulangete, njinga inayambanso kupepera. Anayesa kulipachika kutsogolo, chiwongolero chinakana kukhota. Anaganiza zomasula kuti atapeko pang'ono, koma anakumbukira dzanja lija ndi mawu aja oti asamasule. Dzuwa linali likukwera, ndipo kwa Rakele kunali kumunsi kuchigwa, njira yosiyana ndi yake.

"Zionongeka zikakhala muno," anadandaula.

"Ine ndikulowera komweko," anatero Yeremiya mofatsa. "Ndikusiyireni?"

Abale inu, mphunzitsi wathunthu, wophunzitsa ana a eni kuwerenga! Anapereka phukusilo ndi manja awiri, n'kuthokozanso.

"Mukamuuze Rakele kuti landilemera panjinga. Asakwiye, ndikufuna ndifulumire chifukwa cha iye yemweyo."

"Ndikanena momwemo," anatero Yeremiya.

Elifala anakwera. Njinga inali yopepuka bwino, ndipo anatsika mtunda akuliza belu, ana akumuthamangira m'mbuyo.

*

Yeremiya sanafulumire. Anadikira mpaka dzuwa litafunda, nthawi imene anthu amakhala panja. Atafika kwa Rakele anapeza a Mose akusema mpini pansi pa mtengo, amayi ake a Rakele akutonongola chimanga, ndipo pambali pawo panali a Hana, akazi a mkulu wa mpingo, amene anabwera kudzabwereka lichero. Rakele anali kusesa kuseri. Atamva odi anatulukira, n'kuona nsalu yake yabiriwita m'manja mwa Yeremiya. Tsache linagwa.

Yeremiya anavula chipewa, anagwada mwaulemu, n'kuika phukusilo patsogolo pa a Mose.

"Ndatumidwa ndi aphunzitsi. Anyamuka m'mawa uno. Akuti ndibweze izi kwa eni ake."

"Abweza?" anafunsa a Mose. "Ati chavuta n'chiyani?"

"Akuti zawalemera."

Mwamva kusiyana kwake? Elifala anati landilemera, kunena phukusi, n'kutchulanso njinga. Pofika kuchigwa njinga inali itagwera panjira, ndipo la uja anali atasanduka za. Munthu akati zandilemera sanena mbatata. Amanena zonse: chibwenzi, ankhoswe, ukwati, mbumba ya eni.

"Bodza!" anakuwa Rakele. "Sangatero!"

"Ine ndangotumidwa, chemwali," anatero Yeremiya, maso ali pansi. "Wotumidwa sakwapulidwa. Koma jekete ndi nsapato atenga, zimenezo ndaona ndi maso anga."

A Mose anaika kasemasema pansi. Kuseka kwawo kwa masiku onse kunalibe. "Ine ndinasenza bokosi la mzungu mpaka mapazi kung'ambika, mzungu woti dzina lake sindikulidziwa mpaka lero. Sindinalitule. Iyeyu kamba wa mkazi amene akuti akumufuna wamulemera, asanafike n'kumtsinje komwe?"

"Zisaonongeke zakudyazi," anatero amayi ake a Rakele, pofuna kuziziritsa nkhani. Anakokera phukusilo n'kuyamba kumasula mfundo.

"Amayi, ayi! Musamasule!"

Rakele analumpha, koma anachedwa. Nsalu inatseguka. Mbatata zinagubuduka, chigumu chinaonekera m'masamba ake a nthochi, ndipo pangodya panagwa kansalu kakang'ono kamene kanamasuka kokha. Mkanda wa m'chiuno, woyera ndi wofiira, unagona pafumbi pamaso pa onse.

Mkanda wa m'chiuno suonedwa ndi atsibweni, suonedwa ndi mlendo, ndi wa mwamuna wa munthu yekha, m'nyumba. Rakele anali atauvula m'chiuno mwake kuti Elifala akaupeza kuphiri adziwe kuti zivute zitani iye ndi wake. A Mose anatembenuzira nkhope kumtengo. Amayi ake anaponya nsalu pamwamba pake. A Hana anaimirira pang'onopang'ono, lichero lija osalitenga.

"Mwana wa m'kalasi," anatero a Hana. "Mwana woyembekeza ubatizo. Kalanga ine!"

Rakele anathawira m'nyumba. Analira mpaka mawu kutha, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri si manyazi ayi, koma funso limodzi: kodi Elifala anamasula n'kuona, ndiye n'kubweza?

*

Elifala sankadziwa kanthu. Ankakwera mitunda akuyamika Yeremiya mumtima. Pokankha ankakankha mosavuta, pamtsinje ankaika njinga paphewa n'kuoloka madzi akumuluma m'maondo. M'midzi anamulandira monga ananenera mnzake uja, ana akumagwira matayala, akuluakulu akumapempha kuti alize belu kamodzinso.

Njala inadzamupeza pamwamba pa phiri la Ntchisi, m'nkhalango ya mitengo italiitali yodontha madzi ngakhale kulibe mvula. Kumeneko kunalibe mudzi. Anakhala pamwala, nkhungu ikumuzinga, ndipo anakumbukira kuti pano ndi pamene anauzidwa kuti amasulire phukusi. Anasuzumira pa keliyala. Panali bulangete, jekete ndi nsapato. Anadzitonthoza kuti Rakele ndi womvetsa. Anatsika phirilo m'mimba muli pululu.

Asanalowe m'mudzi wa kwawo ku Kasakula anaima pathengo, anavala jekete ndi nsapato, ndipo analowa akuliza belu. A Enoki anamulandira ndi chimwemwe. Anali munthu wamfupi, wogontha khutu limodzi, wokonda kufunsa chinthu kawiri. Nkhani ya ukwati anaivomera msanga.

"Ndipita, mphwanga. Ndakhala ndikudikira kuti udzandituma liti. Koma wafika ndi njala chotere bwanji? Mkazi ukumufunayo sadziwa kukonza kamba?"

"Anakonza, atsibweni, wambiri zedi. Koma ndinabweza, linandilemera panjinga."

"Wati chiyani?" A Enoki anatembenuza khutu labwino lija.

"Ndinabweza."

"Unabweza kamba wa mkazi? Unakapereka wekha, n'kupepesa?"

"Ndinatuma mnzanga, Yeremiya."

"Yeremiya ameneyu ndi mbale wake wa mtsikanayo?"

Elifala anazengereza. "Ayi. Ndi... nayenso ankamufuna."

A Enoki anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala ya jekete. Kenaka anaomba m'manja kamodzi, mwachisoni.

"Sukulu imeneyi imakuphunzitsani chiyani, ana inu? Kamba sabweza. Ukalephera kumunyamula umadya pomwepo mpaka kukhuta, wotsala n'kugawira anthu panjira, nsalu n'kuisunga. Mnyanga sulemera mwini wake, mphwanga. M'phukusimo munali chiyani?"

"Mbatata, chigumu, mtedza... ndi zina."

"Zina ziti?"

"Sindikudziwa. Anati ndikamasulire pamwamba pa phiri, ndili ndekha."

Atangotchula mawu amenewo, iye mwini anawamva koyamba.

"Mbatata samasulira pawekha," anatero a Enoki. "Vula nsapatozo. Mawa kukacha ubwerere, ine ndikutsata wapansi ndi mlamu wako. Ukayenda umasiya phazi, iwe wasiya mlomo, ndiponso wausiya m'kamwa mwa mdani."

*

Ulendo wobwerera sanaumve kukoma. Tayala linaphulika kawiri, iye n'kumata zigamba mothamanga. Potsika mitunda sankagwira n'komwe mabuleki. Sanapite kusukulu, analunjika kuchigwa.

Anthu a kwa Mdzinga, amene masiku apitawo ankathamangira njinga, tsopano ankangoiyang'ana n'kutembenuka. Mayi wina anakoka mwana wake kumuchotsa panjira. Kuseri kwa nyumba ya amayi ake a Rakele kunali mulu wa mitengo yodula kumene, milimo ya nyumba, ndipo pamwamba pake panali chipewa chopendeka chija. Mwini wake sanaoneke.

A Mose anali pansi pa mtengo wawo. Elifala anatsika n'kugwada.

"Atsibweni akubwera m'mbuyomu, bambo. Mwezi usanafe afika."

"Mwayenda mopepuka, aphunzitsi," anatero a Mose, osaleka kusema. "Abwere, tidzawalandira, ndi alendo. Koma nkhani yafika kwa akulu a mpingo tsopano, yandipitirira ine. Mwanayo ali kudimba. Pitani, ndakulolani, mwina n'komaliza."

Anamupeza akuthirira mpiru ndi chipanda. Anali ataonda kumaso, ndipo kumutu kunalibe mpango. Ataona njinga sanaleke kuthirira.

"Rakele."

"Mwabwerako, aphunzitsi."

"Chachitika n'chiyani? Anthu akundiyang'ana ngati ndapha munthu."

Rakele anaika chipanda pansi. "Ndikufunseni chinthu chimodzi, mundiyankhe zoona. Phukusi lija munamasula?"

"Ayi! Ndikulumbira. Unati ndisamasule."

"Ndinati mukamasulire kuphiri. Sindinati mubweze."

"Linalemera, Rakele. Njinga imagwa. Ndinafuna kufulumira chifukwa cha iwe. Ndinamuuza Yeremiya kuti adzanene kuti landilemera panjinga."

"Landilemera?"

"Eya, phukusilo."

Rakele anaseka kuseka kowawa. "Kuno kunafika zawalemera. Pamaso pa atsibweni, pa amayi, ndi pa a Hana."

"Wabodza ameneyo! Ndikamupeza..."

"Mukamupeza mukamutani? Anachita kukulandani? Si munamupatsa nokha ndi manja anu? Munali mkanda wanga m'menemo, a Elifala. Wa m'chiuno. Amayi anamasula, unagwa pafumbi, atsibweni anga akuona."

Elifala anatsamira njinga. Chimwemwe choti mtsikanayu anamukonda mpaka pamenepo ndi manyazi a zimene anamuchita zinamufikira nthawi imodzi, ndipo misozi inalengeza m'maso.

"Sindinadziwe. Rakele, ndikhululukire, sindinadziwe."

"Masiku onsewa ndimapemphera kuti mukhale kuti simunamasule. Ndimati akakhala sanaone, ndiye kuti sanandikane. Lero mwandiuza, koma mtima sukupola. Mwabweza chinthu osachiona n'komwe." Analoza pa keliyala. "Icho n'chiyani?"

Elifala sanafune kuyang'ana. "Jekete."

"Ndi nsapato. Zimenezo sizinalemere."

Madzi ankayenda m'ngalande, ndipo kumudzi kunkamveka nkhwangwa, wina akusadza mtengo.

"Atsibweni anga akubwera," anatero Elifala. "Tikonza. Ndikafotokoza zonse kwa a Mose, ndi kwa amayi."

"A Mose si vuto tsopano. Lamulungu likudzali, mapemphero akatha, akulu a mpingo atiitana tonse awiri. Funso lawo ndi limodzi: mkandawo anaupempha ndi mphunzitsi, kapena mtsikana anaupereka yekha?"

"Ndikanena zoona. Sindinkadziwa kanthu."

"Nenani. Mukatero jekete lanu likhala loyera, sukulu ikhala yanu. Ine andichotsa m'kalasi, ubatizo palibe, ndipo inu mukudziwa bwino kuti mphunzitsi wa mishoni sakwatira mkazi wochotsedwa. Yeremiya wawauza kale atsibweni kuti iye alibe nazo kanthu, anditenga ndi manyazi anga omwewo. Mitengo mwaiona."

"Nanga ndikati ndinaupempha ndine?"

"Mlandu ukhala wanu. Ine andidzudzula chabe, poti ndine mwana, ndinanyengedwa ndi wamkulu. Inu uphunzitsi watha tsiku lomwelo. Njinga mubweza, choko mutula, mudzagwira khasu kuseri kwa nyumba ya amayi ngati mkamwini wina aliyense. Atsibweni akuti zikatero alibe chifukwa chokukanirani."

"Ukundipempha kuti ndikaname pamaso pa mpingo?"

"Sindikukupemphani kanthu. Ndinakupemphani kamodzi kokha, kuti munyamule phukusi mpaka pamwamba pa phiri."

Anapisa dzanja m'nsalu yake pachifuwa n'kutulutsa mpango wofiira uja, wopindidwa bwinobwino. Elifala anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka.

"Ayi, Rakele, chonde."

"Amayi akuti ndibweze lero. Ine ndakana, poti kubweza chinthu cha munthu ndikukudziwa kuwawa kwake." Anaubwezera pachifuwa. "Ukhala pano mpaka Lamulungu. Mukayankha akulu aja, ndidzadziwa ngati ndiumange kumutu kapena ndimupatse Yeremiya kuti adzakusiyireni, poti njira ya kwanu akuidziwa."

Anatola chipanda chake n'kuyamba kukwera kumudzi. Elifala anamutsatira akukankha njinga, koma tayala linatitimira m'matope a m'dimba.

"Rakele, dikira! Ndiuze, ndichite chiyani? Sukulu ija ndinaivutikira kuyambira ndili mwana. Iwenso ndikukufuna. Zonse ziwiri ndizinyamula bwanji?"

Rakele anaima, koma sanatembenuke.

"Musavutike, aphunzitsi. Yalani zonse pansi monga akuti munachitira tsiku lija, muone cholemera. Kusiya mumakudziwa kale."